Dilaya ikungong'ung'udza: momwe ndakonzera makina athu ochapira ku Chitakale

Makina athu ndi aja a mbali ziwiri, ina yochapira ina yofinyira, imene kuno timangoitchula kuti dilaya ngakhale siumitsa chovala n'chimodzi chomwe. Anabwera nawo ndi mlamu wanga kuchokera ku Joni mu 2021, atagwirako kale ntchito kumeneko. Amanyamula makilogalamu 9. Ine si mmisiri, ntchito yanga ndi ya mu ofesi, ndipo zida zomwe ndili nazo ndi masikuludiraiva awiri, pulayazi ndi masipanala a njinga. Mitengo ndalembayi ndi yomwe ndinalipira ineyo pa tsikulo, musakakangane nayo m'sitolo.

7 Juni

Chiperoni chagwira tsiku lachitatu. Phiri lonse la Mulanje labisala, ngakhale Chambe yemwe timamuona tili pakhonde sakuoneka. M'nyumba muli khanda la milungu isanu, ndipo matewera omwe tinayanika dzana akadali chinyowere. Ndiye lero dilaya yakana. Ukapotokola taima imangoti ng'uuu, basiketi osasuntha.

Mayi a kunyumba akuti vutoli si la lero. Kwa masabata awiri dilaya yakhala ikudzuka mwaulesi, mpaka amachita kuiyambitsa ndi dzanja n'kutseka chivindikiro msangamsanga. Ndafunsa chomwe sanandiuzire. Akuti, "Ndinakuuzani inu, munali ndi wailesi kukhutu mukumvera mpira." Nkhaniyo ndaisiyira pomwepo.

Ndazula pulagi, ndakhuthula madzi, ndatembenuza makina n'kumasula masikuluwu 6 a chitseko cha kumbuyo. Chandilonjera ndi fungo la mkodzo wa makoswe. Pakona anamangapo chisa cha mapepala ndi ulusi, mphemvu nazo zangoti balala. Waya mmodzi wopita ku mota yochapira anamukukuta mpaka kopa kuonekera, koma sanaduke. Ndisanakhudze kalikonse ndajambula mawaya onse pa foni, zithunzi zitatu.

Kwa amene sanatsegulepo, m'katimo mulibe zambiri. Mbali ina kuli mota yochapira, imene imakoka lamba, lambayo n'kuzunguza chimbale chija chovundula madzi. Mbali inayo kuli mota ya dilaya, itaima pa miyendo itatu ya sipuling'i, shafiti yake italumikizana ndi basiketi popanda lamba. Pamwamba pa motayo pali buleki, yokokedwa ndi kachingwe kochokera ku chivindikiro. Chapakati pali kapasita, kachitini ka mawaya anayi kothandiza mota kunyamuka, ndi vavu yotulutsira madzi. Basi.

Pa mota ya dilaya pali dzimbiri, koma kuno ku Mulanje chachitsulo chilichonse chimachita dzimbiri, ndiye sindinalabadire. Ndakulunga waya wokukutidwa uja ndi tepi yakuda, ndasesa chisa, ndatseka. Ndalama sindinatulutse.

10 Juni

Aneba anga, omwe makina awo anachitapo zomwezi, andiuza mosaphethira kuti ndi kapasita. Mavidiyo atatu a pa YouTube anenanso zomwezo: mota ikamalira osazungulira, koma n'kunyamuka ukaikankha, ndiye kuti kapasita yafooka. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Yanga yalembedwa 12 µF ndi 5 µF, 450V, kutanthauza kuti ndi makapasita awiri m'chitini chimodzi, yaikulu ya mota yochapira, yaing'ono ya dilaya. Ndaipeza kwa wogulitsa zida za mafiriji pompano pa Chitakale. Anayambira K20,000, tinathera K16,000.

Kapasita imasunga moto ngakhale pulagi itazulidwa. Musanagwire mawaya ake ndi manja, gunditsani nsonga zake ndi sikuludiraiva ya chogwirira cha pulasitiki kuti motowo uthe. Mawayawo ali awiriawiri, ndipo pa chitini palembedwa kuti mtundu uti ndi wa nambala iti. Mukasemphanitsa, mota yochapira ilandira 5 n'kufooka, ya dilaya ilandira 12 n'kumatentha.

Ndalumikiza bwinobwino, ndabaya pulagi, ndapotokola taima, mayi a kunyumba ataima pakhomo ndi mwana m'manja. Ng'uuu. Palibe chasintha. Ndazimitsa, ndaonanso mawaya, onse ali m'malo mwake. Ndayatsanso, ulendo uno ndaisiya ilire kaye poganiza kuti mwina inyamuka. Yalira pafupifupi mphindi imodzi, kenako zii. Tsopano ngakhale kung'ung'udza komwe kwatha, kwatsala kafungo ka chinthu chotentha.

Wogulitsa uja akuti chamagetsi chikatuluka m'sitolo sichibwerera. Matewera tikufinya anthu awiri, wina uku wina uko, kenako kuwaumitsa ndi simbi ya makala. Makala nawo thumba likutsika mooneka.

14 Juni

Lero ndachita zomwe ndikanachita tsiku loyamba lija. Pulagi ili panja, ndakoka kachingwe ka buleki kuti buleki isiye, n'kuyesa kupotokola shafiti ndi dzanja. Ili gwa. Mota yabwino imazungulira ndi zala ziwiri. Kuyesa kumeneku kwanditengera mphindi imodzi, ndipo K16,000 ija ikanakhala ikadali m'thumba.

Poyamba ndinaganizira buleki, popeza nayo yadyeka ndi dzimbiri. Ndakolola sipuling'i yake kuti isagwire n'komwe, shafiti ikukanabe. Ndiye panalibe kuchitira mwina, basiketi inayenera kutuluka.

Ntchito imeneyi yandidyera m'mawa wonse. Pansi, pomwe shafiti ya basiketi imalowa m'chitsulo choilumikiza ku mota, pali mabawuti awiri a sipanala 10. Loyamba linamasuka, lachiwiri linamatirira. Ndathirapo palafini wosakaniza ndi oyilo wa injini, ndapita kukamwa tiyi, pobwera lamasuka. Pamwamba ndachotsa chimango cha pulasitiki chozungulira pakamwa pa dilaya. Chimagwidwa ndi masikuluwu komanso timano ta pulasitiki tomwe timathyoka ukakanula mwaukali, ndipo kamodzi ndakathyola. Basiketi inakanabe. Ndagogoda shafiti yake kuchokera pansi ndi mpini wakale wa khasu, osati hamala, mwana wanga wachisamba akukoka kumwamba. Itazuka, mnyamatayo anagwa nayo chagada pa simenti, agogo ake kuseri n'kukuwa kuti tamupha mwana.

Pansi pa basiketi ndapezapo sokosi ya yunifolomu, yomwe kale inali yoyera, tsopano yakuda bii. Inadzikulunga pa shafiti ngati chingwe cha mbuzi pa chikhomo, n'kumapekesa seal, mphira ija imene imatseka bowo lodutsa shafiti. Seal yang'ambika mbali imodzi moti chala changa chikulowa. Ndiye kuti madzi ofinyidwa m'zovala, m'malo moti onse apite ku paipi, ena amatsika ndi shafiti n'kumadonthera pa buleki ndi pa mota, tsiku ndi tsiku. Dzimbiri lija ndinalinamizira nyengoli linachokera pamenepa.

Nanga sokosi inalowa bwanji kuseri kwa basiketi? Dilaya ya mtundu uwu imabwera ndi kambale kofewa ka pulasitiki, ka mabowomabowo, komwe umakanikizira pamwamba pa zovala usanatseke chivindikiro. Ntchito yake n'kuletsa tizovala ting'onoting'ono kuuluka basiketi ikathamanga. Kathu kanasowa chaka chatha. Palibe anakafunafuna, popeza makina ankayendabe, ndipo ine ndinkakaona ngati kokongoletsera chabe. Mwini sokosi wati anaisowa temu yoyamba, ndipo anakalipiridwa kuti anaitaya ku mpira.

17 Juni

Ndamasula mota pa miyendo yake, ndaiponya m'thumba la feteleza pamodzi ndi kapasita yakale, ulendo kwa mmisiri wina pa Chitakale yemwe amakonza mafiriji, mafani ndi ma ayironi. Kuyeza kokha K5,000.

Anayamba ndi kapasita. Multimeter yake, mita yoyezera zamagetsi, inaonetsa 11.7 ndi 4.9, pafupifupi manambala omwe alembedwa pa chitini. Anaseka n'kuti, "Bwana, apa mwazula dzino labwino, lobooka mwalisiya." Ndiye tsopano ndili ndi makapasita awiri amoyo.

Mota ndiyo inali ndi nkhani. Atatsegula, bering'i ya pamwamba inali itaumirira ndi dzimbiri. M'makoyilo, mawaya okulungidwa m'kati mwa mota, muli kafyuzi kakang'ono komwe kamaduka mota ikatentha kwambiri, kuti nyumba isapse. Kameneko kanaduka, ndipo tsiku lake ndikulidziwa, ndi lija ndinaisiya ikulira mphindi yathunthu. Kenako anaika nsonga imodzi ya mita pa waya, ina pa thupi la mota. Pamenepo mita siyenera kuwerenga kanthu. Yangayi inawerenga. Makoyilo ananyowa kwa nthawi yaitali, ndipo moto unayamba kudutsira ku chitsulo.

Anandipatsa njira zitatu. Yoyamba, alumphitse kafyuzi ndi waya, asinthe bering'i, aumitse makoyilo pafupi ndi mbaula, zonse K10,000. "Ena amatero, ndipo imayenda," anatero, "koma kunyumba kwanga sindingaike." Yachiwiri, kukakulungitsa makoyilo atsopano ku Limbe. Anapala waya mmodzi ndi mpeni, pansi pa utoto wofiira panatuluka zoyera: ndi aluminiyamu, osati kopa, ndipo kukulunganso ndi kopa mtengo wake ukanafanana ndi kugula mota ina. Yachitatu, kugula mota ina, yatsopano kapena yochotsedwa m'makina akufa.

Madzulo ndikufotokoza zimenezi kunyumba, mayi a mwana anangoti, "Oo, n'chifukwa chake zovala zimandiluma zala ndikamazitulutsa mu dilaya." Akuti zinkachitika makamaka akakhala opanda nsapato, ndipo ankayesa ndi sopo akulowa m'ming'alu ya m'manja. Thupi langa lonse linachita tsemwe. Munthu ali ndi pakati pa miyezi 8 ankaima pa simenti yonyowa n'kumagwira zovala za moto. Njira ya K10,000 ija yathera pomwepa.

21 Juni

Ndinadzuka m'mamawa, minibasi ya msewu wa Midima, kudzera pa Nkando mpaka Limbe. K8,000 kupita, K8,000 kubwera. Seal yakale ndinainyamula m'thumba la jekete, ndipo zinandithandiza, chifukwa zilipo za mitundu ingapo, zosiyana kukula kwa bowo ndi timano togwirira. Wogulitsa anatulutsa zinayi, imodzi yokha ndiyo inafanana. K13,000.

Mota sindinainyamule. Ndinati ndi yolemera, ndi yakuda, idetsa anthu m'minibasi, chithunzi cha pepala lake lolembedwa 70W chikwanira. Yatsopano anandiuza K95,000. Kwa mnyamata wina wogulitsa zida zakale ndinapeza yochotsedwa m'makina osweka, 70W yomweyo, mawaya a kopa. Anailumikiza pamaso panga, inazungulira mwakachetechete. Ndinamuuzanso ayeze pakati pa waya ndi thupi la mota monga anachitira amisiri aja, mita inakhala chete. Tinagwirizana K58,000. Ndinagula chimanga chootcha pa depoti ndikudziona ngati katswiri.

Kufika kunyumba, mabowo a miyendo akugwirizana, koma chitsulo cholumikizira basiketi chikukana kulowa. Shafiti ya mota yakale ndi ya mamilimita 10, yatsopanoyi ndi ya 12. Pa chithunzi zimenezi sizioneka. Ngati mulibe choyezera, sipanala imakwanira: kukamwa kwa sipanala 10 kumalowa ndendende pa shafiti ya 10, pa ya 12 kumakana. Sipanala yomweyo inali m'thumba langa la buluku ulendo wonse.

Ndamuimbira mnyamata uja. Akuti, "Bwerani nayo achimwene, tisinthana, koma muwonjezerepo kangachepe." Aneba anga aja akuti tikangopalitsa shafiti kwa owotcherera. Ndakana. Basiketi imathamanga kwambiri, shafiti ikangopendama pang'ono idya seal yatsopano ija mwezi usanathe.

28 Juni

Ulendo wachiwiri wa ku Limbe, K16,000 inanso. Lero ndanyamula zonse, mota yakale, mota yolakwika ndi chitsulo cholumikizira. Tasinthana, ndawonjezera K4,000. Ndaveka chitsulocho pa shafiti tili pomwepo ndisanapereke ndalama. Girizi ndi sandipepa K3,500.

Kubwezeretsa ndinayamba cha m'ma 2 koloko. Shafiti ya basiketi ndaipala ndi sandipepa mpaka kuwala, chifukwa dzimbiri lokhakhala likatsala ling'amba seal. M'mphepete mwa seal ndapakamo thovu la sopo kuti itsetsereke, ndaikankha kuchokera pamwamba, mwana akukoka timano take pansi mpaka tonse titaluma. M'kati mwake, momwe mumadutsa shafiti, ndapakamo girizi.

Apa ndachita chinthu chimodzi chomwe ndikunyadira. Ndisanaike mota ndalowetsa basiketi, ndathira ndowa ya madzi mu dilaya, n'kugona pansi ndi tochi kuyang'ana. Ndayala nyuzipepala pansi pa bowo n'kudikira mphindi 10. Pepala louma. Kukanakhala kudontha ndikanakuona mota isananyowe.

Buleki ndaitsuka ndi palafini, ndadontheza oyilo pa kachingwe ndi polumikizira pokha. Pa chikopa chomwe chimagwira chitsulo musapakepo kanthu, apo ayi basiketi izizungulirabe mwana atatsegula chivindikiro.

Mawaya ndiwo anandiimitsa mutu. Mitundu ya pa mota yatsopano ndi yosiyana ndi ya pa zithunzi zanga zija. Ulendo uno sindinalote, ndabwereka multimeter kwa amisiri, iwo akundilangiza pa foni. Mawaya ndi atatu, ndiye umayeza awiriawiri katatu. Ine ndapeza ma ohm 62, 98 ndi 160. Awiri omwe apereka nambala yaikulu ndiwo amapita ku kapasita, wotsalayo ndi wa pakati, amalandira moto payekha. Mwa awiri a ku kapasita aja, yemwe wapereka nambala yaing'ono poyeza ndi wa pakati ndiye amalandiranso waya wachiwiri wa moto. Mudziwa kuti mwayeza bwino ngati nambala ziwiri zing'onozing'ono zikupanga yaikulu ija mukaziphatikiza.

Nditamaliza magetsi anali atazima. Anabwera cha m'ma 7 usiku. Kupotokola taima, dilaya yanyamuka, koma ikugunda m'mbali gugugu ngati chigayo cha dizilo, makina onse akuyenda pakhonde. Ndazimitsa. Shafiti ili ndi mbali yophwatalala pomwe bawuti liyenera kukhala, ine ndinamangira pambali pake, basiketi n'kupendama. Ndamasula, ndatembenuza pang'ono, ndamanganso. Tsopano ikungoti fiii, ndipo ukatsegula chivindikiro ikuima m'masekondi ochepa.

Ndazula pulagi n'kuibisa m'kabati. Palibe achape mpaka nkhani ya kuluma ija itatha.

1 Julayi

Mota yatsopano siluma, koma funso linali lakuti bwanji yakale ija inkaluma munthu m'malo moti fyuzi iduke kapena magetsi azime pa bokosi. Ndaitana bambo wina wodziwa za magetsi a m'nyumba. Sanachedwe kupeza. Makina a ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano obulungira, pomwe masoketi athu kuno ndi a mano atatu amakona. Ife tinkadzera pa adaputa yotchipa ya pamsika, yomwe dzino lake la earth, lopititsa pansi moto wotayikira, silinalumikizidwe ku chilichonse m'kati. Kuwonjezera apo, soketi ya pakhonde inakokedwa kuchokera kuchipinda ndi waya wa nthambo ziwiri zokha. Amene anaikoka ndi ine ndemwe, mu 2021, tsiku lomwe makina anafika. Ndiye moto wotayikira unalibe njira ina yopitira pansi koma kudzera mwa munthu.

Taika waya wa nthambo zitatu, mamita 6, K21,000. Pulagi yobulungira taidula, taika yathu ya fyuzi ya 13A, K4,000: waya wa bulauni ku dzino la fyuzi, wa buluu ku linzake, wobiriwira ndi chikasu ku dzino lalitali la pamwamba. Soketi aikweza kufika pachifuwa kuti madzi asamaifike. Waya wa makoswe uja anavula tepi yanga, anaudula n'kuulumikiza bwino. "Tepi pa chinyontho imamatuka, bwana, ndi yongodikirira nayo." Ntchito yawo K18,000.

Masana tachapa. Matewera 12 mu dilaya, mphindi 5, atuluka ongozizira. Tayanika pakhonde, pofika madzulo auma, kunja kukuwazabe. Kambale kaja ku Limbe sindinakapeze, ndiye pakadali pano tikupinda thaulo n'kulikanikizira pamwamba, ndipo masokosi ndi tizovala ta mwana tikutimangira m'chikwama cha pilo.

7 Julayi

Tchuthi, popeza 6 Julayi inagwera Lamulungu. Ndati ndimalize zing'onozing'ono zomwe ndinaziona makina ali chitsegulire.

Choyamba ndi paipi yotayira madzi. Makina awa alibe pampu, madzi amatuluka okha motsetsereka. Ife pofuna kusunga madzi otsukuluzira kuti tizikolopera, tinkakweza paipi n'kuikoleka m'ndowa. Mlomo wa ndowa unali pamwamba kuposa pansi pa dilaya, ndiye madzi ankabwerera n'kukhazikika pa seal. Sokosi inang'amba, koma ife ndi amene tinkathirira. Madziwo sitingawataye, bilu ya madzi siseka ndi munthu, ndiye ndamanga kansanja ka njerwa mizere itatu kuti makina akwere, paipi izitsikira m'beseni. Njerwa zinalipo zotsala pomanga bafa. Simenti ya pa sikelo makilogalamu 10, K9,000. Poti levulo ndilibe, ndayezera ndi mbale yodzaza madzi kuti pamwamba pakhale posapendama. Makina akwerapo Lachinayi, simenti ikauma.

Pansi pa makina ndi pongotseguka, mpomwe makoswe amalowera. Ndadula waya wa sefa wa mabowo ang'onoang'ono, K7,000, ndaumangirira ndi tizingwe ta pulasitiki. Musatseke ndi thabwa kapena pepala la pulasitiki, mota zimafuna mphepo.

Chachiwiri, mbali yochapira inkataya madzi pang'onopang'ono, ukanyika zovala ola limodzi n'kupeza atsika theka. Ndinakonzeka kugula vavu. Ndapotokola chitsekerero chake, sipuling'i inadumpha mpaka m'maluwa, ndiye gwirani ndi dzanja lina. M'kati, pomwe mphira imakhala, munali chipini cha thewera, kamtengo ka machesi ndi mchenga wodzaza supuni. Mchengawo ndi wa dzinja, nthawi yomwe madzi a pampopi amabwera ofiira, komanso wa m'matumba a akabudula a anyamatawa. Ndatsuka, ndabwezera, kudontha kwatha. Osalipira kanthu.

Kasefa ka ulusi ka m'mbali mwa chochapira ndinakapeza katauma ngati chikopa. Palibe amakatsuka. Ndauza wachisamba kuti imeneyo ndi ntchito yake Loweruka lililonse, pobwezera mlandu wa sokosi, ngakhale pamenepo wolakwa sanali iye.

Lamba anali wolefuka, n'chifukwa chake chimbale chinkangonjenjemera tikaika bulangete. Ndamasula mabawuti a mota yochapira, ndaikankhira kunja pang'ono, ndamanga. Ukamusindikiza ndi chala pakati azilowa pafupifupi sentimita imodzi, osati kukungika ngati nsambo ya gitala. M'kati mwake mwayamba ming'alu, ndalemba nambala yake pa khoma la m'kati mwa chitseko kuti ndidzagule ndikadzapitanso ku Limbe pa zifukwa zina. Ulendo wachitatu wa makina okha ayi. Za mabulangete ndalamula kuti lizilowa limodzi, ndipo sopo waufa aziyamba asungunulidwa m'kapu ya madzi ofunda, chifukwa m'madzi ozizira a mwezi uno amangokhala zibuma.

12 Julayi

Kambale kapezeka. M'mawa ndimadutsa kuseri kwa nyumba ya apongozi kukatenga wilibala, ndangoona kali pa denga la khola la nkhuku, katadzaza tsabola wa kambuzi. Mabowo aja akuti amalowetsa mphepo bwino, tsabola sachita chuku ngakhale kuli chiperoni. Amayi anakatola pakhonde chaka chatha poyesa n'kotayidwa.

Ndinapereka moni, ndinafunsa momwe adzukira, ndinayamikira tsabola, n'kutenga wilibala yanga. Ine ndine mkamwini pamudzi pano, pakamwa panga pali malire. Nkhaniyo aipititsa ndi mwana wawo, ndipo yatha ndi lichero latsopano la K3,000.

Zonse pamodzi zakwana K193,500. Mwa imeneyi, K36,000 ndi ya kupupuluma kwanga: kapasita yosafunika, ulendo wachiwiri wa ku Limbe ndi ya pamwamba posinthitsa mota. K43,000 ya magetsi siinali ya makina kwenikweni, inali ngongole ya 2021. Kapasita yotsalayo aneba anga akuifuna pa K10,000, ndikuganizabe.

Chotsala ndi taima yochapira, yomwe nthawi zina imakakamira ikafika pa 3 mpaka uigogode ndi chala. Sindiitsegula panopa. Pansi pa mota ndasiyapo nyuzipepala ina yomwe ndiziyang'ana mwezi ndi mwezi, makamaka mvula ikadzayamba. Kambale kagona m'madzi a sopo usiku wonse chifukwa kakadanunkha kambuzi, ndipo sikangakhudze matewera kali choncho. Mawa ndikabowola m'mphepete n'kukamangirira chingwe ku chogwirira cha makina.